Tayala lolembedwa ndi choko

Lachiwiri, Novembala. Kwazizira, ndipo m'nyumba muli zii.

Lero ndinapita ndi galimoto kugalaja ya a Tembo ku Oshawa, mzinda wa kuno kutsidya la nyanja. Ataona matayala anga akale oyendera pa sinoo, chipale choterera chomwe chimagwa kuno nyengo yozizira, anapukusa mutu. "Awa atha, achimwene. Gulani ena."

Ndinafunsa za matayala a chaka chonse, kuti ndisamavutike kusintha kawiri pachaka. Amene ankandikumbutsa zosinthazo ndi malemu mkazi wanga, Nabanda. Ndekha ndimaiwala.

A Tembo anaseka. "Galimoto yaukali ngati iyi, yoyendera mawilo akumbuyo? Pa ayisi idzakuvinitsani. Apo ayi muitsekere mpaka Epulo."

Kuitsekera sindingathe. Basi siifika kumanda, ndipo ndimapitako Lamlungu lililonse. Ndasankha a sinoo.

Akale aja amati awataye. Ndawasiyira atatu, limodzi ndabwera nalo. Titawachotsa mu Epulo, Nabanda analemba ndi choko pa lililonse kuti tisadzasokoneze. Pa enawo zafufutika, koma pa ili zikuwerengekabe: "kumbuyo, kumanzere."

Ndaliimika pafupi ndi khomo. Chokocho chikadali m'galimoto, pomwe anachisiya. Atsopanowa akadzachoka mu Epulo, kaya adzalemba ndani...