Mpando wakutsogolo

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira inu ndi azakhali muli bwino ku Mponela. Ife kuno ku Perth tikudzuka, ngakhale malire adakali otseka chifukwa cha korona, ndipo kuchipatala sitikupuma.

Mkamwini wanu, bambo a Sekani, apeza chochita chatsopano, ati maulendo okaona mathithi kuchipululu. Anthu akuluakulu ndi madigiri awo amalipira mzungu wachipewa kuti awatsogolere pamchenga, magalimoto ali pamzere ngati akuperekeza maliro. Amachita kuphwetsa dala matayala, ati kuti asatitimire. Fumbi, ntchentche, kugona m'matenti, mapeto ake kukajambulitsa pa timadzi tosakwana kuchapira thewera. Munthu wokulira ku Mulanje, mathithi ali kuseri kwa nyumba, sanapiteko n'kamodzi komwe!

Ine ndinawalongedzera mankhwala, mamasiki ndi madzi, n'kutsala poti ndinali pantchito. Atabwera anandionetsa zithunzi, ndipo ndinaziyang'ana bwinobwino. Magalimoto analipo ambiri, malo ali mbwee. Koma pachithunzi chilichonse, pampando wakutsogolo wa galimoto yathu pakhala Suwilanji, mtsikana wa ku Zambia wa m'kwaya yathu. Akuti mtsikanayo akakhala kumbuyo amachita nseru.

Lamlungu popita kutchalitchi ndinapeza mpandowo utasendezedwa kutsogolo, maondo anga osakwana. Sindinaubweze. Ndinakakhala kumbuyo ndi Sekani, ndipo bambo ake sanafunse chifukwa.

Sikuti ndikudandaula ayi. Koma paja ankhoswe ndinu, ndiye foni yanu izikhala ndi moto sabata ino.

Ndine mwana wanu,
Eness