Chiliza Chopanda Manda

Lachiwiri, 16 Meyi 2017

Mwana wanga Daphne wandigulira tikiti. Ati Loweruka tikwere basi ya ku Liverpool ndi gulu la a Rowland, mkulu uja amaphunzitsa achinyamata za zingwe ndi mabwato kuno ku Hull. Tikaone zipilala za anthu amene anafera panyanja pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ndi nyumba yosungiramo zinthu za nkhondoyo. Ati ndi mphatso, poti ndimatopa kwambiri ku wodi kuchipatala. Mphatso eti. Mwanayu ndinabereka ndekha, akayamba kundipangira tiyi ndisanapemphe ndimadziwa kuti pali nkhani.

Nkhani yake ndi yomwe ija. Akufuna kulowa usilikali wa panyanja akamaliza sukulu chaka chino. Ali ndi zaka 17, ndiye popanda ine kusaina sangamutenge. Chiyambire Isitala yankho langa ndi limodzi: zotere mwini wake ndi malume ako ku Mponela, ine ndine mayi chabe. Foni kwa achimwene angawo, a James, sindinaimbe. D. akudziwa kuti sindinaimbe, inenso ndikudziwa kuti akudziwa. Timadya limodzi bwinobwino, tikuseka, nkhaniyo ili phee pakati pa tebulo.

Lachinayi, 18 Meyi

Pa buleki ndinamuuza Matilda, namwino mnzanga wa ku Chipata uja. Iye mosachedwa: mwana akalirira nyanga ya nsatsi, msemere imufotere yekha. Ndinati mwambiwo ndi wabwino pa nkhani ya nsapato ndi zibwenzi, osati nyanja. Nyanja sifota.

Mantha anga ndiwalembe poyera, poti pano palibe wondiseka. Bambo ake a D. atamwalira, Amalawi a kuno ndi a ku Leeds anathandiza mpaka thupi linafika kumudzi. Ndikudziwa pamene mwamuna wanga David agona. Ndikapita ndimazula udzu, ndimawauza za mwana. Nanga munthu akamira pakati pa nyanja, amake akazule udzu pati?

Madzulo D. anatchula mongodutsa kuti dzina la bambo awo a Rowland lili pa chimodzi mwa zipilalazo, ndipo amapitako chaka chilichonse mwezi uno. Ndiye bwanji osanena kale? Kumeneko ndi ku chiliza kwa munthu. Sitingapite manja lendelende ngati tikupita kukaona nyama ku zuu.

Lachisanu, 19 Meyi

Mandasi ndowa yodzadza, nkhuku zokazinga, chitenje chakuda m'chikwama. D. wangoima pakhomo la khitchini manja m'chiuno. "Mum, it's a tour." Ndamuuza kuti anyamule ndowayo ndi iye.

Loweruka, 20 Meyi

Tabwerako, miyendo ili zii, koma ndilembe ndisanaiwale.

M'basi ambiri anali okalamba, achikuda ife awiri basi. Titakwera ndi ndowa yathu anthu anatiyang'ana ngati tikusamuka. D. anakhala pa windo nkhope atabisa m'jekete. Titadutsa Leeds ndinatsegula ndowa n'kuyamba kuyendetsa. Poyamba aliyense ati ayi zikomo, ndadya kale, ulemu wawo uja. Gogo wina wa chipewa chofiira analawa limodzi, n'kutenga ena awiri "a mwamuna wanga", pomwe pambali pake panalibe mwamuna aliyense. Tisanafike ku Manchester ndowa inali mbee, ndipo adalaivala anafunsa ngati ndimagulitsa.

A Rowland ndi aatali, owerama pang'ono, mawu ngati wailesi. Amayenda ndi ambulera yopinda imene amalozera chilichonse. Poyamba anatilowetsa m'zipinda za pansi pa nyumba ina pakati pa tauni, mmene akuluakulu ankalondolera sitima zapanyanja nthawi ya nkhondo. Kozizira, kununkha ngati sutikesi yakale. Khoma lonse ndi mapu a nyanja, aakulu moti ankachita kukwera makwerero kuti afikire pamwamba. Ati ambiri ogwira ntchito mmenemo anali atsikana, ndipo sitima ikamira, mtsikana ankakwera n'kukachotsa kachizindikiro kake pa mapu. D. anandigunda ndi chigongono, ati atsikanawo anali amsinkhu wake. Ndinamuyankha kuti ee, ndipo anali pansi pa nyumba, pouma. Gogo wa chipewa chofiira sanamve Chichewa koma anaseka, zinaonekera pankhope.

Ndisaname, ndinasangalala. Matelefoni akuda aja, mabedi ang'onoang'ono, zitini za chakudya cha nthawi imeneyo. Ndinajambulitsa nditavala chipewa cha msilikali, chinandikhala ngati beseni.

Kenako kumtsinje. Chipilala chake ndi choyera, chachitali, m'munsi muli makoma okhota odzadza mayina. A R. anati onsewa manda awo ndi nyanja, palibe amene anapezeka. Akulankhula akuloza mayina ndi ambulera ija, ine mtima uli m'mwamba, kwathu manda suloza ngakhale ndi chala. Atamaliza anati tipume pang'ono. Anavula chipewa n'kukaima okha patsogolo pa dzina limodzi.

Zimene ndinaona pamenepo zinandipsetsa mtima. Gulu lonse linatembenuka. Wina kukagula ayisikilimu, wina kujambula mbalame, ena kuyang'ana madzi ngati sanawaonepo. Anthu omwe aja adya mandasi limodzi. D. anandinong'oneza kuti kuno ulemu wake ndi womwewo, munthu akakhala pachisoni umamupatsa mpata. Ndinati mpata wa chiyani, maliro n'kulirana. Ndinatulutsa chitenje, kumanga pamwamba pa thalauzi, n'kukakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, miyendo nditatambasula monga timachitira pa siwa. Mwala wake wozizira kuposa firiji.

A R. anayang'ana pansi n'kudzidzimuka. Anafunsa ngati ndagwa, ngati aitane thandizo. Ndinati ayi bambo, kwathu munthu saima yekha pamanda a kholo lake, ndangobwera kudzakhala nanu. Kenako anagwira khoma, mawondo akulira, mpaka anakhala pansi nawonso.

Bambo awo sanawaonepo, sitima inamira iwo ali khanda. Ndinawafunsa funso langa lija mosazungulira, kuti nanga mayi anu anapirira bwanji popanda manda. Anati sanapirire. Jasi la mwamuna wawo linakhala kuseri kwa chitseko mpaka tsiku limene iwonso anamwalira. Ndipo a R. atafuna kupita panyanja ali mnyamata, mayiwo anakana kusaina. Anadikira mpaka atakwana zaka, n'kupita basi. Mayi sanawaperekeze. Ati kuchokera pamenepo akabwera kutchuthi ankalandiridwa bwino, tiyi, keke, koma ngati mlendo, ndipo za panyanja sankazitchula m'nyumba. Zaka zonse zimene anagwira ntchitoyo, mayi awo sanadziwe ngakhale dzina la sitima imodzi imene anakwerapo.

Ndinadikira kuti tsopano ayambe kundinyengerera za D. Sanatero. Anangoti sanganditsimikizire kuti kulibe zoopsa, angakhale akunama.

D. anabwera, nkhope ili pansi ndi manyazi, n'kukhala mbali inayo. Gogo wa chipewa chofiira anabweranso ndi ayisikilimu wake, pansi sakanatha, anakhala pa sitepe. Ndinayamba kanyimbo ka kumaliro chapansipansi, vesi limodzi lokha. Palibe anayankha, koma palibenso anachoka. Pomaliza tinachita kuwadzutsa a R. anthu awiri, ndipo anati zaka zonsezi akubwera pamalopo sanadziwe kuti mayina a m'munsi amawerengeka bwino ukakhala pansi.

Tulo. Za bwato limene tinakwera ndilemba mawa.

Lamulungu, 21 Meyi

Kutchalitchi ndinasinza pa ulaliki, Mulungu andikhululukire.

Bwato lija. Ulendo unathera pa kuwoloka mtsinje wa Mersey, kupita ndi kubwerera. Ine amene sindilowa ngakhale m'dziwe losambiramo ana. Ndinakhala pa benchi la pakati penipeni, chikwama pamiyendo, ndowa yopanda kanthu pakati pa mapazi, kukonzekera chilichonse. Madzi ake akuda ngati tiyi wopanda mkaka.

D. anali kutsogolo, pa chitsulo chotchingira, mphepo ikumuwomba. Sanadziwe kuti ndikumuyang'ana. Pakhomo mwanayu amayenda mapewa atagwa, maso pa foni, ukamufunsa za sukulu yankho ndi "fine". Pabwato paja anaima chilili, miyendo atatangadza, bwato likapendama iye osagwira kanthu. Akuseka ndi a R., akulozerana sitima yaikulu ya katundu. Kuseka kwa mano onse kuja ndinakuona komaliza bambo ake ali moyo. Zinandikoma, ndiponso zinandipweteka, zonse pamodzi.

Anatembenuka n'kundikodola kuti ndibwere. Ndinapukusa mutu. Anabwera yekha kudzanditenga, kundigwira pamkono ngati wodwala wa ku wodi kwathu, mpaka pachitsulo paja. Ndinagwira ndi manja awiri. Anayamba kundifotokozera za zinthu zoyandama zofiira ndi zobiriwira, kuti zimasonyeza njira, ndi kuti madzi akubwerera kunyanja. Theka sindinamve. Ndinangoganiza za mayi aja a jasi kuseri kwa chitseko, kuti zonsezi mwana wawo ankazidziwa ndipo analibe womuuza.

Pobwerera m'basi anagona paphewa panga kuyambira ku Manchester. Phewa linachita dzanzi koma sindinasunthe.

Lolemba, 22 Meyi

Matilda ati chithunzi cha chipewa chija achiika pa bolodi la ku wodi. Ndamuuza kuti akatero ubale watha.

Lachitatu, 24 Meyi

Lero sindinapite kuntchito. Ndachapa, ndakolopa, ndapukuta mawindo amene anali oyera kale. Zochita zitatha ndinaimba ku Mponela. D. anali atangofika kuchokera kusukulu, ndinamva atakhala pa masitepe.

Achimwene anayamba ndi za chimanga, za denga la tchalitchi, za mwendo wa alamu. Ndinawasiya amalize. Kenako ndinatchula nkhaniyo.

"Mwana wamkazi? Pamadzi? Lettie, mwatani kodi kumeneko? Chitachitika chinthu, ife kuno tidzaika chiyani m'manda?"

Mawu anga enieni, amene ndakhala ndikugona nawo chiyambire Isitala. Koma atatuluka pakamwa pa munthu wina ndinawamva mosiyana. Tonse awiri tikukonza maliro a mwana amene ali moyo, wakhala pa masitepe, sanadye n'komwe.

Ndinati achimwene, mantha amenewo ndili nawo kuposa inu, ndipo sadzatha. Koma chaka chamawa mwanayu akakwana zaka 18 adzapita ngakhale tonse tikane. Ine ndikufuna akamapita ndimuperekeze, akakafika aziimba foni kundiuza dzina la sitima yake.

"Ndiye mukundifunsa kapena mukundiuza?"

"Kusaina ndisaina ine. Kwa inu ndikupempha mumudalitse, ndinu malume ake."

Anapuma mwamphamvu, kupuma kwa bambo athu kwenikweni. Anati sakukondwa nazo, ndipo ndisadzanene kuti anakondwa. Kenako anati, "Mpatseni foniyo mwini wakeyo ndimve."

Sindinachite kuitana, D. anali kale pakhomo. Analandira foni ndi manja awiri. Ndinawasiya, ndinapita kukhitchini n'kutsegula mpopi kuti asandimve. Ndinalira ndithu, osati pang'ono. Nditabwerako ndinapeza akuseka, malume ake akumufunsa ngati pa sitimapo amalola munthu kuweta nkhuku.

Ndasaina fomu yake ya usilikali ndi cholembera chomwe ndikulemberachi. Dzina langa latuluka ngati walemba munthu wina. D. waliyang'ana nthawi yaitali, wati lili bwino choncho.