Mitsinje ya ku America ndi pepala la Wanangwa

Chintheche, Lachitatu

Okondedwa achemwali,

Muli bwanji ku Ntcheu kumeneko? Mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine ndi Wanangwa m'thupi tili bwino, ntchito yochapa ku loji ikuyendanso, koma mtima wanga suli m'malo. Ndalemba kalata chifukwa pafoni sindingamasuke, apongozi amakhala pakhonde pomwepa tsiku lonse.

Mukudziwa kuti bambo a Wanangwa atha zaka zisanu ku America. Pano akukonzekera mayeso oti akhale nzika ya kumeneko. Lamulungu masana anaimba pavidiyo, n'kunditumizira mafunso kuti ndiziwafunsa. Lina linali loti atchule umodzi mwa mitsinje iwiri italiitali ya dzikolo. Achemwali, ine sukulu ndinalekezera Sitandade 6, Chingerezicho chinandikola pakhosi. Ndili mkati mochita chibwibwi, panamveka mawu a mkazi cha kumbali, kuwerenga funso lonse osapunthwa, kenako kuseka. Iwo anayankha kuti Missouri ndi Mississippi, mkaziyo n'kuwaombera m'manja.

Nditafunsa kuti ameneyo ndani, anati ndi Stella, namwino wochokera ku Bandawe konkuno, amapemphera limodzi. Koma kuno kukakhala masana, kumeneko kumakhala kukungocha kumene. Mnzako wa kutchalitchi amafika pakhomo anthu asanasukusule?

Kenako bambo a Wanangwa anayamba kundifotokozera za mitsinjeyo ngati anabadwira m'mphepete mwake. Ati Missouri ndiye wautali, koma Mississippi amanyamula sitima zodzaza chimanga ndi tirigu mpaka kunyanja yamchere, mizinda ikuluikulu inamera m'mbali mwake, ndipo anthu ambiri amamwa madzi ake. Ine ndinati Shire wathu amatipatsa magetsi koma sindinawamvepo akumutama chotere. Stella uja anasekanso. Kuseka kwake ndi kwa munthu amene ali pakhomo pake.

Chandiwawa kwambiri ndi mwana. Akungoyenda m'chinangwa cha agogo ake akuimba Misisipi, Misisipi, ati Anti Stella adzamukweza boti pamtsinje umenewo. Ndiye kuti ine ndikakhala kuntchito mkaziyo amaimba pafoni ya apongozi n'kumacheza naye. Ine kumuchapira, kumudyetsa, kumugoneka akadwala malungo, wina n'kumugula ndi dzina la mtsinje.

Dzulo alamu anga a Ackson anabwera kudzapempha pepala la kubadwa la Wanangwa. Ati Lolemba apita naye ku Mzuzu kukayamba za pasipoti, kuti bambo ake akangokhoza mayeso amuitanitse. Nditafunsa za pasipoti yanga, anayang'ana pansi n'kunena kuti imeneyo ndi ya m'tsogolo. Apongozi anawonjezera m'Chitonga kuti mwana widu, kutanthauza kuti ndi wawo, poti malowolo anapereka onse. Ndinanama kuti pepalalo ndinalisiya kwathu. Ndalipinda m'kalata muno kuti bodzalo likhale loona. Mulisunge pouma, ndipo wina akaimba musamupatse, ngakhale atakhala bambo ake.

Pempho langa ndi limodzi. Mukangowerenga, mupite kwa amalume a Zondiwe. Iwo ndiwo ankhoswe, ndiwo analandira anthuwa pakhomo pathu. Abwere kuno lisanafike Loweruka, adzafunse pamaso pa onse ngati ine ndikadali mkazi wa pakhomo pano kapena ndangotsala wolera mwana wa eni. Ine ndikafunsa amandiyankha ngati mlendo, mwina iwo adzawaopa.

Akapanda kufika, Lamulungu anthu akalowa m'tchalitchi ndikwera basi ndi Wanangwa. Ntchito ithe ngati ikutha. Amayi musawauze kaye, koma muyale mphasa ya anthu awiri.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa alamu ndi ana onse, komanso kwa azakhali a ku Bawi. Muzitipempherera.

Ndine mng'ono wanu,
Sungeni