Wachoka ku Dublin, ku Chinsapo akuti n'kutali

Lachinayi, mwezi wa Ogasiti. Lero kwachita fumbi, ndipo ndakwiya.

Mng'ono wanga Tadala anatera Lamlungu kuchokera ku Dublin, koma kuno ku Chinsapo sanapondeko. Ndaona pafoni kuti wauluka makilomita oposa 8,000. Ndamuimbira ali kuloji kwake ku Area 43, akuti, "Asisi, kwanuko n'kutali, komanso msewu wanuwo ungandiphere galimoto yahayala."

Kutali! Munthu wadutsa nyanja ndi chipululu, lero akuopa mabampu.

Amayi asesa pabwalo kawiri, avalanso chitenje chawo chatsopano chija. Nkhuku imene anamusungira ikadali yomanga mwendo kuseri kwa nyumba. Andifunsa kuti, "Kodi ndege ija sinafikebe?" Ndawayankha kuti yachedwa.

Mawa akandifunsanso, kaya ndidzati ikadali m'mwamba…