Tayala Loimba Besi

Aphungu,

Ndili ndi pikapu imene ndimanyamulira usipa wouma kuchokera kuno ku Meluluca kupita ku Lichinga. Matayala ake asalala ngati mimba ya mlamba, ndipo mvula yayandikira.

Vuto ndi apongozi anga. Amuna awo, malemu a Bernardo, ankaimba besi m'kwaya ya kutchalitchi. Tsiku lina ndikuperekeza apongoziwo kuchipatala, titangofika pa tala, tayala lakumbuyo linayamba kulira, wuuu! Apongozi anandigwira mkono. "Musathamange! Amenewo ndi bambo ake Anastazia. Akuimba ya Pasaka."

Chiyambire tsikulo sasemphana ndi ulendo. Amakhala kutsogolo atavala za Lamulungu, n'kumavomereza nyimbo. Ndikaponda buleki akuti ndadula vesi. Mkazi wanga, Anastaziayo, amakwera kumbuyo pamatumba, ndipo akatsika amphaka amamulondola mpaka mumsika.

Nditatchula zogula matayala ena, anati tipitire limodzi. Wogulitsa, a Alcides, anatisonyeza a mano akuluakulu a m'matope, ndi ena a mano apakati oyenda paliponse. Apongozi ankagogoda lililonse n'kuikapo khutu. "Ili ndi la mpingo wina," anatero. "Ilinso ndi losabatizidwa." Tinabwerako chimanjamanja. Akuti ndikachotsa tayala loimbalo ndiye kuti ndaika amuna awo m'manda kachiwiri.

Ndigule ati, ndipo ndiyambire pati?

T. N., Meluluca

A T. N.,

Yambirani kwa makanika, mawa lomwe. Tayala losalala siliimba chonchi mwachisawawa. Mwina ladyeka mbali imodzi, mwina a Bernardo anuwo ndi bering'i yakutha, ndipo imeneyo ikhoza kukugulutsirani gudumu pachitunda.

Gulani a mano apakatiwo. Njira yanu ndi mchenga, miyala, matope kenako tala, ndiye mukufunika tayala lolola zonsezo. A m'matope amatha msanga pa tala, amamwetsa mafuta, ndipo phokoso lake apongozi adzamvamo kwaya yonse ya kumanda. Onani manambala olembedwa m'mbali mwa akalewo, atsopano afanane nawo. Funsani olimba m'mbali, oyenera katundu wolemera, opangidwa posachedwa. Onse anayi akhale a mtundu umodzi, osati wina uku wina uku. Mumchenga muziphwetsako mpweya pang'ono, pofika pa tala n'kupopanso.

Za mayiwo, musawaseke. Asowa amuna awo, ndipo m'galimoto mwanumo ndi mokhamo momwe amakhala ndi munthu pambali tsiku lonse. Pemphani anzawo a malemu, amuna a mawu okhuthala, azibwera kudzaimba pakhonde pawo akaweruka kutchalitchi. Inunso mukhalepo, ngakhale mawu anu atakhala a chule. Tsiku lochotsa tayala musawabisire. Atsanzike, alitenge, alisunge komwe afuna.

Koma musadikire kuti avomere kaye. Mvula ikagwa mudakali pa matayala amenewo, Anastazia adzalira maliro awiri, ndipo oimba besi tsiku limenelo sadzakhala tayala.

Aphungu