Mawu a Asiyatu m'foni ya Yusufu

Amayi, kodi mwadzuka bwanji kumeneko? Ndikhulupirira Asiyatu anafika bwino, poti mng'ono wanga uja sankayenda ulendo yekha.

Kuno ku Mwadzama mpunga wacha, ngakhale mbalame zatengako gawo lawo. Denga la khitchini likudonthabe. Mkazi wa Yusufu wachira, mwana wamkazi, mphumi yanu yeniyeni. Koma chandilembetsa kalatayi ndi Yusufu yemweyo, mwana wobereka ine.

Munamusiya akukwawa, lero ndi wa makompyuta. Anabwera m'chilimwe, ati akupanga kapulogalamu ka m'foni kotumiza zinthu ku nkhokwe za pa intaneti. Nkhokwezo n'za makampani osiyanasiyana, iliyonse ndi khomo lake, ndiye kake kaja kazitha kugogoda makomo onsewo. Ankafuna mawu oti akayesere. Ine ndinati mawu ndiye tili nawo osefukira. Ndinamufunsa ngati zolowa m'nkhokwemo zimaola. Anati ayi, ngakhale chiswe sichifikako.

Basi tinayala mkeka, ine kutsogolera, Asiyatu kuvomera, monga munatiphunzitsira pamtondo. Nyimbo zanu zonse zosinjira mpunga, nthano ya mkazi wokana kuoloka Bua, mayina a makolo mpaka kumene amathera. Asiyatu chifuwa chili pakhosi, koma kukana kupuma. Yusufu ankatumiza, n'kuzibweza, n'kutiyatsira, ife kuseka mpaka misozi. Netiweki ikaduka pakati ankati tibwereze, aone ngati kakulumikiza pomwe kanadukira. Tinkabwereza, Amayi.

Pa sadaka ya Asiyatu ndinamupempha atiyatsire, abale amve mawu a malemu. Anayang'ana pansi. Ati zoyesera sizisungidwa. Kapulogalamuko kakatumiza n'kubweza, kamayesanso kufufuta, ndipo kufufutako kanakhoza bwino kwambiri. Anakakonza choncho yekha, ndi manja ake. Ankadziwa kuyambira tsiku loyamba, ife tikuvala zitenje zatsopano kuti tiimbire foni. Akanangonena, bwenzi titamuimbira za ana zoseweretsa, zanuzo n'kuzijambula pena.

Mabwana ake akondwa, ntchito ayilandira. Wandigulira nsalu ndi shuga. Zili pawindo momwe anazisiyira.

Paja munkati, "Iwe uli ndi pakamwa, mng'ono wako ali ndi khutu, musamasiyane." Dzulo ndinayesa ija ya mpunga wa faya. Ndinafika povomera, ndinadikira, zii. Mawu ena a mbali yake sindikuwapeza, Amayi, anali ake.

Mumuuze Asiyatu abwere kutulo adzandikumbutse, asachite ulesi. Kamwanako kakadzayamba kuyankhula ndidzakakhazika pamwendo, ndikaphunzitse kuvomera, pakamwa ndi khutu, atate ake ali kunja kwa mpanda ndi foni yawo. Chimenecho ndakulonjezani.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka tidzaonane,
Mwanaisha