Tiyi Amene Ndinawathirira a Lorenz

Okutobala 1959

Achemwali anga a Zeinep,

Muli bwanji ku Karaganda ndi utsi wanu wa malashawo? Ife kuno kumudzi tilipo. Nkhosa zanenepa, maondo anga okha ndiwo akukana.

Mukuwakumbuka a Lorenz, Mjeremani uja boma linamutsitsa m'sitima nthawi ya nkhondo, mphunzitsi wa masamu? Zilembo zokhotakhota mukuwerengazi anandiphunzitsa ndi iwowo. Lolemba anabwera kudzapempha kuti mdzukulu wanga Nesibeli tisamukwatitse, akapitirize sukulu kutauni kwanuko.

Pakamwa panga mumapadziwa. Ndinati, "Aphunzitsi, kodi kwanu atsikana amadya mabuku?" Kenaka ndinawathirira tiyi mpaka mbale kudzaza, monga timachitira ndi mlendo amene tikufuna amwe azipita. Ndinkati mzungu sazindikira. Achemwali, munthu wakhala pakati pathu zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu! Anaiyang'ana mbaleyo, nanena m'chinenero chathu kuti, "Ndamva, mayi." Anamwa tiyi yense, nathokoza, nanyamuka.

Nesibeli anali ataima pakhomo ndipo anaona zonse. Mpaka lero amandipatsa madzi osandiyang'ana. Popita kuchitsime ndimazembera kuseri kwa sukulu ngati wakuba, ine nkhalamba yonseyi.

Akuchimuna akubwera Lachisanu kudzamuveka mwanayu ndolo za chitomero. Sindikunena kanthu ayi, ndikungofunsa: chipitireni mwana wanu ku usilikali, pabedi pake akugonapo ndani? Nanga sukulu ili patali ndi kwanuko? Muyankhe msanga.

Ndine mchemwali wanu,
Ulbolsyn